Chiweto Sichinena Pomwe Pakupweteka

M'Chichewa timangoti tichigonetsa. Mwini galu akafunsa kuti timuchita bwanji opaleshoni galu wakeyo osamva ululu, yankho limakhala lomwelo: timubaya jakisoni womugonetsa, ndipo akadzuka apeza zonse zatha. Mawuwa ndi ofewa, amakhazika mtima pansi. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikugwira ntchito ya udokotala wa ziweto, ndafika powakayikira mawu amenewa chifukwa amabisa zambiri. Galu amene wagona pakhonde masana, mukamuponda mchira amadzambatuka. Akazizidwa amadzipinda, ntchentche ikamutera amakupiza khutu, kanthu kakamutsamwa amatsokomola. Galu wogonetsedwa ndi mankhwala sachita chilichonse mwa zimenezi. Zonse zimene thupi lake limadzichitira lokha podziteteza timakhala tazilanda, ndipo kwa ola limodzi kapena awiri ndife amene tiyenera kumuchitira.

Mankhwala ogonetsa amafooketsa kayendedwe ka magazi m'mitsempha, amachepetsa kupuma, amaziziritsa thupi, komanso amaletsa nyama kumeza. Akatha ntchito yake, chiwindi, impso ndi mapapo ndi zimene zimawachotsa m'thupi. Nyama yathanzi imapirira zonsezi chifukwa ili ngati banja limene lakolola bwino: mlendo akabwera, m'nkhokwe muli chotapa. Nyama yodwala nkhokwe yake imakhala itapepuka kale ngakhale kunja ikuoneka yodzaza. N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti gawo lalikulu la opaleshoni limachitika mpeni usanatuluke m'mbale, pa mphindi khumi kapena makumi awiri zimene dokotala amafunsa, kuyang'ana, kukhudza ndi kumvetsera, kuti adziwe kuti m'nkhokwemo mwatsala zingati.

Anzathu ochiza anthu ali ndi mwayi umodzi waukulu: wodwala wawo amalankhula. Amanena kuti pachifuwa pamamuthina akamakwera chitunda, kapena kuti chaka chatha anabayidwa mankhwala ena n'kutupa nkhope. Wodwala wathu sanena kanthu, ndipo nthawi zambiri amabisa dala. Mbuzi, kalulu ndi ng'ombe ndi nyama zimene makolo ake ankadyedwa kutchire, kumene yooneka yofooka ndiyo inkayamba kugwidwa, choncho zimaimirira njo mpaka matenda atafika patali. Mphaka nayenso amangokhala duu pakona, eni ake n'kumati ndi ulesi. Pakamwa pa chiweto ndi mwini wake, ndipo kupima kumayambira pa iyeyo.

Apa ndi pamene pamafunika luso lofunsa, chifukwa safunsa anadya phula. Kwathu kuno, amene wabwera ndi galu nthawi zambiri si amene amamudyetsa. Angakhale mwana amene watumidwa, mlonda, kapena bambo wa pakhomo amene amamuona galuyo madzulo okha. Ndiye funso langa loyamba limakhala lakuti, amamupatsa chakudya ndani? Kenako ndimasamala kafunsidwe. Ndikafunsa kuti, kodi wadya m'mawa uno, yankho limakhala lakuti ayi, chifukwa anthu anauzidwa kuti asamupatse chakudya ndipo safuna kuoneka osamva. Ndimafunsa kuti, wadya chiyani m'mawa uno? Pamenepo mwana amayankha mosabisa kuti, palibe adokotala, mkute wa nsima basi. Kwa iye mkute si chakudya choti n'kuwerengera. Kwa ine mkute umenewo ukhoza kubwerera kukhosi galu atagonetsedwa, n'kulowa m'mapapo.

Mafunso ena ndi a mankhwala amene ali m'nyumba zathu. Kodi mwamupatsa mapiritsi alionse? Anthu achifundo amagawana Panado ndi mphaka wawo, osadziwa kuti chiwindi cha mphaka sichitha kugaya paracetamol, ndipo piritsi limodzi likhoza kumupha. Ena amapatsa galu Brufen, amene amawononga impso ndi kuyambitsa zilonda m'mimba. Kodi mwathira mankhwala a makoswe pakhomo masiku apitawa? Ambiri mwa mankhwala amenewa amaletsa magazi kuundana, ndipo mphamvu yake imaonekera patapita masiku angapo. Galu amene anadya nyambo ya makoswe Lolemba akhoza kubwera Lachinayi akugwedeza mchira, koma mukangomucheka magazi sasiya kutuluka. Kodi munamusambitsa dipi liti, ndipo dipi wake ndi uti? Dipi wa amitraz, amene ambiri amaphera nkhupakupa, amagwira ntchito m'thupi mofanana ndi xylazine, mankhwala amene timagonetsera nyama zambiri kuno. Ziwirizi zikakumana, mtima umagunda pang'onopang'ono koposa mmene tinkayembekezera.

Ndikatha kufunsa ndimayamba ndayang'ana ndili chapatali, ndisanaikhudze nyamayo, chifukwa dzanja la mlendo limasintha kapumidwe ndi kugunda kwa mtima. Ndimaona mmene ikuyendera, mmene nthiti zikukwerera ndi kutsika, ngati mimba yatupa. Kenako sikelo. Mlingo wa mankhwala ogonetsa umawerengedwa pa kilogalamu, ndipo diso limanama. Galu wa ubweya wambiri amaoneka wolemera kuposa mmene alili, ndipo kwa mphaka wa makilogalamu awiri, kuphonya ndi theka la kilogalamu ndi kuphonya ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi lake lonse. Kumene kulibe sikelo ya ziweto ndimakwera pa sikelo ya anthu nditamunyamula, n'kuchotsapo kulemera kwanga. Ng'ombe timaiyeza ndi tepi yozunguliza pachifuwa.

Zikatero manja amalowapo. Ndimatukula mlomo kuona nkhama. Za nyama yathanzi zimakhala zofiirira ndi zonyowa. Ndimadinikiza chala pa nkhamapo mpaka payere, n'kuchotsa, ndipo mtundu uyenera kubwerera masekondi awiri asanathe. Ukachedwa ndiye kuti magazi sakufika bwino kumalekezero a thupi. Ndimatsina chikopa cha pakhosi n'kuchisiya, ndipo chikakhala chiimire ngati kahema, thupi lauma madzi. Ndimamvetsera mtima uku chala chili pa mtsempha wa m'kati mwa ntchafu, kuti ndimve ngati kugunda kulikonse kukufika kumeneko. Mtima wa galu wamkulu umagunda pakati pa 60 ndi 140 pa mphindi malinga ndi kukula kwake, wa mphaka pakati pa 140 ndi 220, wa ng'ombe pakati pa 50 ndi 80. Kutentha kwa thupi la galu ndi mphaka kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.2. Ndimamaliza ndi kupapasa mimba ndi timanjirinjiri ta m'khosi ndi kuseri kwa mawondo. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimafuna magetsi.

M'chigawo chathu chino, kuyambira ku Chipata mpaka ku Tete, ku Harare ndi ku Limpopo, chimene ndimachiyang'anitsitsa kwambiri ndi nkhama zija, chifukwa ziweto zathu zimakhala pakati pa tizilombo toyamwa magazi. Nkhupakupa zimafalitsa Babesia, kachilombo kamene kamaswa maselo ofiira a magazi, ndipo mtundu wa Babesia rossi, wopezeka kwambiri kum'mwera kwa Africa, ndi woopsa kuposa ina yonse imene imagwira agalu. Zimafalitsanso Ehrlichia, amene amachepetsa timaselo toundanitsa magazi. Ana agalu amayamwidwa ndi njoka za m'mimba, ng'ombe za kufupi ndi nkhalango zimalumidwa ndi kashembe, mbuzi ndi nkhosa zimatha magazi ndi nyongolotsi ya Haemonchus nthawi ya dzinja. Maselo ofiira ndi amene amanyamula mpweya wabwino. Nyama imene maselowo achepa imakhoza kuyenda ndi kudya chifukwa mtima wake ukuthamanga kuti ukwaniritse. Mankhwala ogonetsa akaufooketsa mtimawo, chochirikiza chimakhala chachoka.

Kuyeza kwake sikovuta. Kadontho ka magazi m'kachubu kakang'ono ngati kamtengo ka machesi, kakazunguzidwa m'makina kwa mphindi zisanu, kamaonetsa gawo la magazi limene ndi maselo ofiira. Kwa galu wathanzi limakhala pakati pa 37 ndi 55 pa 100 alionse. Likatsika kufika pa 20, opaleshoni yoti ingadikire iyenera kudikira. Kadontho kena pa galasi pansi pa maikulosikopu kamaonetsa Babesia ali m'kati mwa selo. Kwa nkhosa ndi mbuzi pali njira ina imene inabadwira kuno komwe. M'zaka za m'ma 1990, akatswiri a ku South Africa, pakati pawo Faffa Malan, Gareth Bath ndi Jan van Wyk, anakonza kakhadi kotchedwa FAMACHA, kokhala ndi mitundu isanu kuyambira wofiira mpaka woyera, kamene mlimi amafanizira ndi m'kati mwa chikope cha nkhosa. Anakakonzera kusankha nyama zoyenera kumwetsedwa mankhwala a nyongolotsi, ndipo lero kakugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Ine sindifula tonde ndisanatsitse chikope chake n'kuona mtundu wake.

Zonse zikasonkhanitsidwa, dokotala amaika nyama m'gulu. Njira imeneyi tinabwereka kwa ochiza anthu. Bungwe la American Society of Anesthesiologists linayamba kugawa odwala m'magulu mu 1941, ndipo ife timagwiritsa ntchito magulu asanu. Loyamba ndi la nyama yathanzi, lachiwiri la imene ili ndi vuto laling'ono, lachitatu la imene ili ndi matenda aakulu, lachinayi la imene matendawo akuopseza moyo wake, ndipo lachisanu la imene sikhala moyo ikapanda kuchitidwa opaleshoni. Ena amaona ngati ndi nambala yongodzazira fomu, koma kafukufuku anaonetsa kulemera kwake. David Brodbelt ndi anzake ku Britain anatsata agalu oposa 98,000, amphaka oposa 79,000 ndi akalulu oposa 8,000 amene anagonetsedwa pakati pa 2002 ndi 2004, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2008. Mwa agalu athanzi, a gulu loyamba ndi lachiwiri, anafa mmodzi mwa 1,849 alionse. Mwa agalu odwala anafa mmodzi mwa 75. Kwa amphaka zinali mmodzi mwa 895 ndi mmodzi mwa 71. Akalulu onse pamodzi anafa mmodzi mwa 72.

Manambala amenewa ndi a ku Britain, kumene zipatala za ziweto zili ndi mpweya wa m'mabotolo ndi makina olondera mtima. Sindingawanyamule n'kunena kuti ndi mmene zililinso ku Kasungu. Koma phunziro lake limawoloka nyanja: mankhwala omwewo, m'manja omwewo, anapha agalu odwala kuwirikiza kopitirira 20 poyerekeza ndi athanzi. Kusiyana kunali pa thupi limene linabwera pa tebulo. Ndipo ngati zili choncho kumene kuli makina opulumutsira zinthu zikavuta, kwa ife amene nthawi zina timagwira ntchito pansi pa mtengo, kuzindikira nyama yodwala tisanaibaye ndi chida chachikulu chimene tili nacho.

Mtundu wa nyama nawo umasintha zonse, ngakhale lamulo looneka losavuta ngati la kusala chakudya. Kale tinkauza eni agalu kuti asawapatse kanthu kuyambira madzulo a dzulo lake. Malangizo a American Animal Hospital Association a mu 2020 amati maola 4 mpaka 6 ndi okwanira kwa galu kapena mphaka wathanzi, ndipo kamwana kosakwana milungu 8 kasapitirire ola limodzi kapena awiri, chifukwa shuga wa m'magazi mwake amatsika msanga. Kalulu sasanza, choncho kumumana chakudya n'kumuvulaza chabe, chifukwa matumbo ake akaima savuta kuimiratu. Ng'ombe ndi nkhani ina. Chifu chake chachikulu chimakhala chodzaza ndi udzu wowira, ndipo malovu okha ikhoza kutulutsa malita opitirira 100 pa tsiku. Ikagona chammbali itagonetsedwa siigeya, mimba imafufuma n'kupanikiza mapapo, ndipo zam'chifu zikhoza kubwerera n'kuitsamwa. Ikafunika kugonetsedwa kwathunthu imasala tsiku limodzi kapena awiri, koma nthawi zambiri timasankha kuichita opaleshoni ili chiimire, titangochititsa dzanzi pamalo pochekapo ndi lidocaine.

Ngakhale mlingo sufanana. Pa kilogalamu iliyonse, ng'ombe imafuna pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a xylazine amene hatchi imafuna, ndipo kwa ng'ombe imene yatsala pang'ono kubereka mankhwalawa akhoza kuchititsa kuti itaye mwana. Ndiye funso lakuti kodi ili ndi bere silingadumphidwe. Kamwana ka mbuzi kakhoza kukomoka ndi lidocaine amene kwa ng'ombe ndi kadontho chabe. Agalu a mphuno zophwatalala, monga Bulldog ndi Pug, amene achuluka m'mizinda yathu masiku ano, amavutika kupuma ngakhale ali maso, ndipo nthawi yoopsa kwa iwo ndi pamene akudzuka. Hatchi, malinga ndi kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2002, inkafa pafupifupi imodzi mwa 100 zilizonse ngakhale opaleshoniyo isakhale ya matenda a m'mimba, ndipo zina zimathyoka mwendo poyesa kuimirira mutu usanakhazikike.

Chovuta kwambiri pa ntchito yonseyi, kwa ine, ndi kunena kuti lero ayi. Tsiku lina tinkatseka mabere ndi kufula agalu kwaulere pa bwalo la sukulu ina, ndipo mzere unali wautali. Panafika agogo ena aamuna ndi galu wamkazi womangidwa chingwe cha mlaza. Anali atatopa ndi ana agalu obadwa chaka ndi chaka. Nditatukula mlomo wa galuyo, nkhama zinali mbuu ngati ufa woyera, ndipo m'makutu munali nkhupakupa thoo. Ndinawauza kuti sitimuchita opaleshoni tsiku limenelo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, «Adokotala, galuyu wayenda yekha kuchokera kwathu, mtunda wonsewu. Wodwala amayenda chonchi?» Funso lawo linali lomveka. Anali atasiya ntchito kudimba, ndipo sankadziwa kuti mwayi waulere ngati umenewu udzabweranso liti. Kuwafotokozera za maselo ofiira sikukanathandiza. Ndinapempha mnyamata amene anali pambuyo pawo kuti abweretse galu wake, ndipo ndinatukula milomo ya agalu awiriwo pamodzi. «Agogo, taonani nokha.» Anayang'ana kwa kanthawi, n'kugwedeza mutu. Tinamupatsa galuyo mankhwala a matenda a nkhupakupa ndi a njoka za m'mimba, ndipo patatha milungu itatu anabwera naye kuchipatala nkhama zitafiira.

Si nthawi zonse pamene kudikira kumatheka. Galu wamkazi amene chiberekero chadzaza mafinya, mphaka wamphongo amene njira ya mkodzo yatsekeka, ng'ombe imene mwana wapingasa, zonsezi sizingauzidwe kuti zibwere mwezi wamawa. Komabe ngakhale pamenepa, kupima ndiko kumanena choyamba kuchita. Mphaka wotsekeka mkodzo amakhala ndi potaziyamu wochuluka m'magazi, amene amasokoneza mtima, ndipo kumugonetsa asanalandire madzi a m'diripi n'kumukankhira kuphompho. Galu wa mafinya uja, ola limodzi kapena awiri a diripi amasintha nyama imene ikufika pa tebulo. Mwini wake amaona ngati tikuchedwa, amayendayenda pakhonde n'kumafunsa kuti bwanji simukuyamba. Ndimamuuza kuti tayamba kale, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali mtsutso umene ndimaumva pakati pa anzanga a ntchito, makamaka pa nkhani ya ndalama. Ena amati nyama iliyonse iyezedwe magazi mokwanira, chiwindi ndi impso zomwe, isanagonetsedwe. M'zipatala za ku Johannesburg kapena za m'madera olemera a Lusaka ndi Lilongwe zimenezi n'zotheka. Koma kwa banja lambiri mtengo wa kuyezako ukhoza kuposa wa opaleshoni yeniyeniyo, ndipo mapeto ake galu sachitidwa chilichonse, amangoberekabe. Ena amapita mbali inayo, amati poti zipangizo palibe, tingobaya n'kuona. Ine ndili pakati, koma osati chifukwa choopa kusankha. Kwa nyama yaing'ono msinkhu imene mbiri yake ndi thupi lake zili bwino, kuyeza kwa mtengo wapatali sikusintha kawirikawiri zimene tikanachita. Kwa nyama yokalamba, yowonda, yomwa madzi kwambiri kapena ya nkhama zoyera, kuyeza magazi n'kofunika, ndipo ndimamuuza mwini wake mosapsatira chifukwa chake. Chimene sindivomereza n'kudumpha mafunso ndi manja, chifukwa zimenezo sizigulidwa. Zimangofuna nthawi, ndipo mzere ukatalika nthawiyo ndi imene imayamba kudulidwa.

Ndimayesetsanso kusalonjeza. Mwini chiweto akafunsa kuti, adzuka eti adokotala, mtima umafuna kuyankha kuti inde, musadandaule. Koma pali matenda amene manja ndi makutu sazindikira. Amphaka ena ali ndi mtima wokhuthala minofu popanda phokoso lililonse lomveka pachifuwa. Choncho ndimanena zimene ndapeza: kuti mtima ukumveka bwino, magazi ndi okwanira, ngozi ndi yochepa koma ilipo. Amene wabwera ndi nyama yodwala ndimamuuza kuti ngozi ndi yaikulu, ndi kuti kusachita kanthu nako kuli ndi ngozi yake. Fomu imene amasaina ndimaiwerenga m'chilankhulo chimene iye amalankhula kunyumba, chifukwa munthu amene wadinda chala pa chikalata cha Chingerezi chimene sanachimve sanavomereze kanthu. Ng'ombe ija mwina ndi fizi ya mwana wa ku sekondale, galu uja ndi amene amalondera mayi wamasiye usiku. Mwini wake ali ndi ufulu wosankha akudziwa.

Funso langa lomaliza limadabwitsa anthu ambiri, chifukwa limaoneka losakhudzana ndi opaleshoni. Ndimafunsa kuti, akagona pati usiku uno, ndipo akamuyang'anira ndani? Kafukufuku wa Brodbelt uja anapeza kuti pafupifupi theka la agalu amene anafa, ndi amphaka ndi akalulu oposa theka, anafa opaleshoni itatha kale, ambiri m'maola atatu oyambirira. Nyama imene yangodzuka imakhala yozizidwa, miyendo ili lendelende, ndipo siitha kuthawa agalu anzake kapena kudzichotsa pa dzuwa. Ngati ndi mwezi wa June ku Dedza ndipo galu amagona panja pa simenti, ngati ulendo wobwerera ndi wa pa kabaza maola awiri, ngati pakhomo patsala ana okhaokha, zimenezo ndimazilemba pa khadi limodzi ndi kugunda kwa mtima ndi mtundu wa nkhama. Nthawi zina zimandichititsa kuyamba ndi galu ameneyo m'mamawa kuti adzuke bwinobwino dzuwa lisanapendeke. Nthawi zina ndimapempha kuti agone kuchipatala. Nthawi zambiri zimangofunika thumba louma, kona ya m'khitchini, ndi munthu mmodzi wamkulu amene wavomera kudzuka pakati pa usiku kukamuona.